Kalata kwa aTembo: mmene sitiki ya ndeke yankhondo imamvekera m'dzanja

Anzanga aTembo,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Johannesburg, inu pamodzi ndi alamu anga ndi ana onse. Ife kuno ku Chipata tadzuka. Chimanga chili m'nkhokwe, nshawa zikali kuuma pabwalo, koma mphepo ya mu Juni chaka chino yabwera yolusa, moti amayi akunyumba mawondo akuwavuta m'mawa uliwonse.

Uthenga wanu unandipeza. Mwati mdzukulu wanu wamkazi uja wa kusekondale mtima wake wonse uli pa ndeke zankhondo, amaswera pa kompyuta ndi kandodo kake ka masewera, ndipo wakufunsani mmene sitiki yeniyeni, ndodo yoyendetsera ndeke ija, imamvekera ndeke ikakhala m'mlengalenga. Mwachita bwino kunditumizira funsoli. Chipumireni pa ntchito, anthu amandifunsa ngati ndinkachita mantha, ena amafuna kudziwa liwiro, koma za dzanja palibe anandifunsapo, chikhalirecho ntchito yonse inagona pamenepo. Pa foni sizikanatheka, ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe. Mumuwerengere pang'onopang'ono.

Zoyambirira akuzidziwa kale. Ukakoka sitiki, mphuno ya ndeke imadzuka, ukakankha, imawerama. Ukaipendeketsa kumanja, phiko lamanja limatsika, lamanzere n'kukwera. Pokhota umayamba wapendeketsa ndeke, kenako n'kukoka, ndipo kukokako ndi kumene kumaizunguza. Mapazi ali ndi zopondera zawo, dzanja lamanzere limakhala pa throttle, chogwirira choonjezera kapena kuchepetsa mphamvu ya injini. Chimene kandodo kake sikangamuuze ndi kulemera, chifukwa kake kaja kamalemera chimodzimodzi kaya ndeke ikukwawa kaya ikuthamanga, pamene yeniyeni imasinthasintha ulendo wonse.

Ine ndinaphunzirira pa SF.260, kandeke ka pulopela ka ku Italy, momwe mphunzitsi ndi wophunzira amakhala phewa ndi phewa. M'menemo sitiki inalumikizidwa ndi mawaya ndi ndodo zachitsulo mpaka kumapiko ndi kumchira, popanda makina othandiza pakati. Ndeke ili chiimire pansi, sitikiyo imangogwedera, ungathe kuikankha ndi chala chimodzi. Mukayamba kuthamanga pabwalo, imayamba kulimba pang'onopang'ono, ndipo kulimbako ndi mphepo imene yagwira mapiko. Usanayang'ane n'komwe pa geji ya liwiro, dzanja ladziwa kale kuti nthawi yonyamuka yayandikira. M'mwamba mukachepetsa liwiro kwambiri, imafewanso, ukaisuntha ndeke imayankha mwaulesi, kenako kamabwera kakunjenjemera. Kameneko ndi kachenjezo kakuti mphepo yayamba kusweka pamwamba pa phiko, ndipo ukapitiriza kukoka phikolo lisiya kunyamula ndeke.

Chimene ndimachikumbukira kwambiri pa kandeke kameneko n'chakuti masitiki awiri aja, ya mphunzitsi ndi yanga, anali olumikizana. Iye ankandiuza kuti ndingoikapo zala, ndisagwire, ndingotsatira. Potera ndinkamva dzanja lake likukoka pang'ono, n'kuima, n'kukokanso pang'ono, mpaka matayala atakhudza pansi. Zimenezo pakamwa sakanatha kuzifotokoza, ndipo m'buku munalibe. Akakhutira ankati "You have control", ine n'kuyankha "I have control", iye n'kuchotsa dzanja lake. Mawu amenewo sitinkawanena mwachisawawa, chifukwa ndeke siiyenera kukhala ndi oyendetsa awiri nthawi imodzi, komanso siiyenera kukhala yopanda woyendetsa.

Vuto la mawaya limabwera ndi liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya mphepo pa mapiko imawirikiza kanayi. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse oyendetsa Messerschmitt Bf 109 ya ku Germany ankakoka ndi manja awiri akafuna kuidzutsa itatsika mwaliwiro, ndipo Zero ya ku Japan, yomwe inkakhota mopepuka pa liwiro lochepa, inkauma zedi ikathamanga. Spitfire ya ku Britain nayo inali ndi vutoli mpaka mu 1941 pamene tizitseko ta kumapiko, tomwe poyamba tinali tokutidwa ndi nsalu, anatisintha kukhala tachitsulo. Ndeke za jeti zitayandikira liwiro la phokoso panabukanso china: kachitseko ka kumchira kanasiya kugwira ntchito. Ndeke ya Bell X-1, imene Chuck Yeager anapyola nayo liwiro la phokoso mu 1947, inasonyeza kuti mchira wonse wopingasa uyenera kumasuntha. Koma mchira wathunthu, pa mphepo yotero, palibe mkono wa munthu umene ungaukankhe.

Apa ndi pamene haidiroliki inalowa. Woyendetsa anasiya kukoka mchira. Iye akasuntha sitiki amangotsegula kavalavu, mafuta opanikizidwa n'kukankha chitsulo chimene chimasuntha mchirawo. Mphamvu zinapezeka, koma kumva kuja kunatayika, pakuti mphepo inalibenso njira yobwerera kudzanja. Sitiki yotero, ukaisiya momwemo, ingakhale yopepuka chimodzimodzi pa liwiro lililonse, ndipo munthu angathyole ndeke osadziwa kuti wakoka mopitirira. Choncho amisiri anachita kupanga kulemera kwa dala. Anaika masipuling'i, ena anaonjezera kachipangizo koyeza mphepo kamene kamalimbitsa sitiki liwiro likakwera, enanso anamangirira chitsulo cholemera ku ndodo za sitiki kuti pokhota mwamphamvu chizikokera sitikiyo kutsogolo. F-4 Phantom ya ku America inali ndi kachipangizo koyeza mphepo kaja pamodzi ndi chitsulo cholemeracho. Mdzukulu wanu amvetse bwino mfundo iyi: m'ndeke yankhondo ya jeti, kulemera kumene dzanja limamva anakukonza ndi anthu, atakhala pansi n'kugwirizana kuti pa liwiro lakuti mkono uzimva zakuti.

Tsopano ndinene za MiG-21, imene dziko lathu linalandira kuchokera ku Soviet Union kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo ndi imene dzanja langa limaikumbukira kuposa zonse. Mkati mwake ndi mothina, utoto wake wa pakati pa buluu ndi girini, ndipo sitiki imaima pakati pa mawondo, yaitali ndithu. Pa chogwirira pali kabatani ka trim, kochotsera kulemera kwa sitiki m'dzanja, pansi pa chala chachikulu, pali chowombera, ndipo kutsogolo kwake kuli chogwirira cha mabuleki. Mabulekiwo amayendera mpweya. Poyenda pansi umafinya chogwiriracho n'kuponda phazi la mbali imene ukufuna kukhotera, mpweya n'kumalira psii, psii, ndipo wophunzira watsopano ankadziwika ndi mmene ndeke yake inkayendera mokhotakhota popita kokanyamukira. Pakati pa bolodi la mageji panali mzere woyera wochokera m'mwamba kutsika m'munsi. Ndeke ikakutembenuza mpaka mutu kusokonekera, osadziwanso kuti pakati ndi pati, unkalunjika sitiki pa mzerewo ndipo unkadziwa kuti mapiko sukuwalamulanso kupendekera mbali iliyonse. Amene anaganiza zojambula mzere umenewu ankadziwa bwino mmene mantha amabera munthu nzeru, ndipo ine ndimamulemekeza mpaka lero.

Mkati, mosaoneka, munali kachipangizo kotchedwa ARU-3V. Kankayang'ana liwiro ndi kutalika kwa pamene ndeke ili, n'kumasintha zinthu ziwiri: kuchuluka kwa mmene mchira usunthire sitiki ikasuntha, ndi kulimba kwa sipuling'i. Pa liwiro lochepa, monga potera, kankalola mchira kusuntha kwambiri ndipo sitiki inkakhala yofewerako. Ukathamanga kwambiri kufupi ndi nthaka, kumene mphepo ili yothithikana, kankachepetsa kusuntha kwa mchira n'kulimbitsa sitiki. Kanali ndi geji yake, ndipo tisanatere tinkaiyang'ana nthawi zonse. Kakanakhala kuti kaima pa malo a liwiro lalikulu, mchira sukanakwanitsa kudzutsa mphuno bwinobwino potera, chikhalirecho ndeke imeneyi imakhudza pansi ikuthamanga makilomita opitirira 250 pa ola. Kakanaima pa malo a liwiro lochepa iwe ukuthamanga m'munsi, kukhudza pang'ono chabe kukanaidumphitsa ndeke.

Trim ndi chinthu chimene anyamata a pa kompyuta ambiri sachisamala, koma kwa ife chala chachikulu sichinkapuma. Liwiro likasintha, mafuta akachepa m'mathanki, matayala akatsika, sitiki imayamba kukukoka kapena kukukankha. Ukadina kabataniko, pakati pa sipuling'i pamasuntha, kulemerako n'kusungunuka m'dzanja. Ndeke yokhazikidwa bwino ndi trim umaigwira ndi zala zitatu, mkono utatsamira pa ntchafu. Amene sagwiritsa trim amalimbana nayo ulendo wonse, amatsika mkono utatopa ndipo kauluke kake kamakhala ka madumphadumpha.

Mukumbukira tili anyamata tikutsetsereka ndi njinga m'mapiri a kuno, thumba la chimanga lili pa kaliyala? Pamsika wa Kapata, pakati pa anthu, mahandulo umawapinda kwambiri uku ndi uku. Pamtsetse njinga ikathamanga suwapindanso, umangowasindikiza pang'ono, ndipo tayala lakutsogolo likayamba kugwedezeka, amene wagwira zolimba n'kumalimbana nalo ndi amene amagwa. Sitiki pa liwiro lalikulu ili chimodzimodzi. Munthu wongoonerera sangaone n'komwe kuti dzanja lasuntha. Tikamauluka moyandikana, phiko la mnzako lili pafupi moti ukuona misomali ya pa chitsulo chake, ntchito yonse imachitika ndi zala, mkono uli phee. Mphunzitsi akaona kuti wophunzira wauma thupi ankamuuza kuti agwedeze zala za kumapazi mkati mwa nsapato, ndipo zoonadi dzanja linkamasuka lokha.

Ukakoka mwamphamvu pa liwiro lalikulu, yankho limabwera m'thupi lonse. G ndi muyeso wa mmene thupi limalemerera ndeke ikamakhota, ndipo pa 6 G munthu wa makilogalamu 70 amakanikiza mpando ngati wa makilogalamu 420. Masaya amalendewera, chisoti chimapondereza khosi, ndipo mkono womwe ukukokawo umalemera kasanu ndi kamodzi. Magazi amathawa kumutu kupita kumiyendo. Choyamba mitundu ya zinthu imazimiririka, kenako kuona kumachepa kuyambira m'mbali, ndipo ukaumirira kumada bii ngakhale maso ali chitsegukire. Buluku lapadera limene timavala limafufuma ndi mpweya n'kufinya ntchafu ndi mimba, iwenso umalimbitsa minofu n'kumapuma modukizadukiza. N'chifukwa chake sitiki yabwino imafuna mphamvu yoonjezera pa G iliyonse imene wapempha, kuti mkono uzidziwa zimene ukulamula thupi ndi ndeke zisanavulale. Kukankha kutsogolo kuli ndi zake. Thupi limanyamuka pampando n'kulendewera pa malamba, fumbi la pansi limakwera kumaso, magazi amadzaza m'mutu. Zimenezo thupi silizipirira kwambiri, choncho tikafuna kutsika msanga tinkagadabuza ndeke chagada n'kukoka.

MiG-21 ili ndi phiko la ngodya zitatu, ndipo phiko lotero limadya liwiro msanga ukakoka mopitirira. Imayamba kunjenjemera, koma popeza haidiroliki yatseka njira, kunjenjemerako umakumva kumpando ndi kumsana kuposa kudzanja. Ndinazolowera kumvera malo awiri nthawi imodzi, dzanja likundiuza zimene ndapempha, msana ukundiuza zimene phiko lavomera.

Pambuyo pa sitiki ya mawaya ndi ya haidiroliki, mtundu wachitatu ndi wa kompyuta, umene amautcha fly-by-wire, ndipo ndikuganiza kuti ndi umene mwanayo amauona kwambiri m'masewera ake. Chitsanzo chodziwika ndi F-16. Sitiki yake siili pakati pa mawondo, ili kudzanja lamanja, pali potsamiritsa mkono, ndipo mpando unapendekera kumbuyo madigiri 30. Sitikiyo imayeza mphamvu ya dzanja. Pa liwiro lalikulu, kukoka kumatanthauza kupempha G, ndipo kompyuta ndi imene imasankha mmene mchira usunthire. Ngakhale ukoke ndi mphamvu zako zonse, siikupatsa zopitirira 9 G, ndiponso siilola mphuno kudzuka mpaka phiko kusiya kunyamula. Ndekeyo anaipanga dala yosakhazikika kuti izikhota msanga, moti popanda kompyuta yoikonza kambirimbiri pa sekondi munthu sangaigwire.

Poyamba sitiki imeneyi sinkasuntha ngakhale pang'ono. Pa 20 Januware 1974, pa bwalo la ndeke zankhondo la Edwards ku California, Phil Oestricher ankangoyesa kuthamangitsa pansi ndeke yoyamba ya mtunduwu, YF-16. Inayamba kupendekera uku ndi uku mwamphamvu chifukwa inkayankha mopitirira pa kukhudza kochepa, nsonga ya phiko ndi mchira zinakhula pansi, ndipo ataona kuti ikupatuka pabwalo iye anangoinyamutsa, n'kuzungulira mphindi zisanu ndi imodzi, n'kutera. Amisiri anachepetsa kufulumira kwa mayankhidwe ake, ndipo pambuyo pake anailola sitikiyo kusuntha pafupifupi mamilimita 6, chifukwa dzanja la munthu limafuna kumva kuti chinthu chayenda, apo ayi limangoonjezera mphamvu.

Vuto la kugwedezeka limeneli ndi loopsa, ndipo limagwera ngakhale akatswiri. Mphuno ikadzuka umakankha, koma ndeke ikachedwa kuyankha ngakhale pang'ono, kukankha kwako kumafika pamene mphuno yayamba kale kutsika, ndiye umakoka, nakonso n'kufika mochedwa, ndipo kugwedezekako kumangokula. Ndeke yankhondo ya Gripen ya ku Sweden inagwa motero kawiri, mu 1989 potera ku Linköping, ndi mu 1993 pa chionetsero pakati pa mzinda wa Stockholm. Woyendetsa anali mmodzi yemweyo ndipo anapulumuka maulendo onse awiri, ndipo amisiri anakonzanso malamulo a mu kompyuta yake. Ife tinkaphunzitsidwa kuti zikayamba, ngati kutalika kulipo, dzanja liime kaye mpaka ndeke itadekha. N'zovuta kuchita, chifukwa thupi lonse limafuna kulimbana nayo.

Anzanga ena amene tinkauluka nawo amati ndeke za kompyuta si kuuluka, ndi kungodina mabatani. Ine sindigwirizana nawo. Ambiri amene anafera m'ndeke zakale padziko lonse anali anthu aluso amene anakoka pang'ono mopitirira ali kufupi ndi nthaka, ndipo kompyuta ikanawakaniza. Komanso mnyamata kapena mtsikana wa masiku ano, monga amene akuyendetsa L-15 zimene Zambia inagula ku China, ali ndi rada, wailesi ndi zida zofunika kuziyang'anira, ndipo ndi bwino kuti ndeke imuchotsereko katundu wina. Chimene chimandiwawa n'china. Mu F-16 ya mipando iwiri masitiki salumikizana, kompyuta imangophatikiza zimene onse awiri apempha, ndiye wophunzira sangamve dzanja la mphunzitsi wake monga ndinkamvera ine. Amisiri nawonso anaona kuti pali chimene chatayika, n'chifukwa chake ndeke ngati F-35 zili ndi sitiki yokhala ndi timamota mkati, timene timatha kuilimbitsa kapena kuifewetsa malinga ndi mmene ndeke ikuulukira. Zaka zonsezi akungoyesetsa kubweza kudzanja chimene mawaya ankapereka okha.

Ndiye mdzukulu wathuyo mumuuze izi. Pa kompyuta yakeyo atsamiritse mkono patebulo, agwire ndi zala zitatu, aphunzire trim, ndipo nthawi yambiri aithere pa kuuluka mowongoka pa kutalika kumodzi ndi pa kutera, zowomberana zibwere pambuyo. Masamu ndi sayansi azilimbikire, maso ake aziwasamala. Asamve za anthu onena kuti ntchitoyi ndi ya amuna. Kuno kwathu Thokozile Muwamba anakhala mkazi woyamba kuyendetsa ndeke yankhondo mu Zambia Air Force, nyuzipepala zinalemba za iye mu 2017, ndipo m'ndeke za masiku ano mphamvu ya mkono si imene imasiyanitsa anthu.

Chachikulu chimene ndikupemphani inu, aTembo, n'chakuti mumupezere ulendo umodzi m'kandeke kakang'ono ka mawaya. Kumeneko muli ndi mwayi, ku Rand Airport ku Germiston ndi ku Lanseria kuli masukulu ophunzitsa kuuluka, ndipo ambiri amalola munthu kukwera ndi mphunzitsi kwa kanthawi n'kugwirako. Mufunse ka sitiki, monga Sling imene amapanga komweko ku Johannesburg, chifukwa Cessna zambiri zili ndi chiwongolero. Apemphe mphunzitsiyo achepetse liwiro mpaka sitiki itafewa, kenako aonjezere mpaka italimba, iye zala zili pamenepo. Ndalama yake ndi yochulukirapo, ndikudziwa, koma ngati pangafunike ndidzaponyapo kanga nshawa zikagulidwa. Akatsika andilembere yekha zimene anamva, ndidzamuyankha.

Ngati mubwera ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti monga munanenera, mudzabwere naye, mudzagone kuno. Mabuku anga akale a ndeke ndinawasunga m'bokosi, adzasankhe amene angawafune. Amayi akunyumba akupereka moni kwa alamu ndi kwa ana onse.

Ine mnzanu,
Jere